Zala Zinayi za Kumbali ya Mtsinje

Ana anga, mumadziwa kuti pamene ndinapuma ntchito kuesiteti ya nzimbe, anzanga onse a chaka chimenecho anabwerera kwawo atakwera njinga zatsopano zimene tinkapatsidwa ngati mphatso yotsanzikira, koma ine ndinafika kuno ku Kasisi chimanjamanja. Mayi anu anatha sabata yathunthu akundipatsa chakudya osandiyang'ana kumaso. Ena amati njingayo ndinagulitsa n'kumwera, chonsecho mowa ndinausiya inu musanabadwe. Nkhani yake ndi ya mzere umodzi umene ndinalemba molakwika pabwalo la tenisi. Ndikuifotokoza monga inachitikira, mudzaweruze nokha ine kulibe.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960

Ntchito yanga yoyamba inali yokoka unyolo woyezera malo. Nthawi imeneyo tchire la m'mbali mwa Shire linkagwetsedwa kuti padzalidwe nzimbe, ndipo oyeza malo ankafuna anthu odziwa kuwerenga manambala. Tinkalawira m'mamawa, chifukwa dzuwa la kuchigwa likakwera unyolo uja unkatentha moti sukanaugwira ndi manja. Bwana wanga anali mzungu amene tinkamutcha a Chipewa, poti ngakhale pakudya chipewa sichinkachoka kumutu. Sankaseka, sankakalipanso. Ukalakwitsa ankangokubweza kumene wachokera kuti ukayezenso, ngakhale utayenda kale ola lathunthu m'minga. Ankanena m'Chinyanja chawo cha m'minda kuti munthu ungamunamize koma madzi sungawanamize, ngalande ikapendekeka madziwo akaima. Nditakoka unyolo zaka zinayi, diso langa linafika poti ndikangoyang'ana mzere ndinkadziwa ngati wakhota ndisanauyeze. Diso limeneli ndinkalinyadira kwambiri, ndipo sindibisa, anthu ochita zinthu mwachiyerekezo ndinkawapeputsa.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970

Ntchito yoyeza itachepa, a Chipewa, amene tsopano anali wapampando wa kalabu ya mabwana, ananditenga kuti ndizikasamalira mabwalo awiri a tenisi. Anatipatsa nyumba ya zipinda ziwiri kukomboni, momwe atatu a inu munabadwira. Mabwalo a masiku amenewo sanali a simenti. Tinkakumba dothi la pachulu, kulisinja, kulisefa, kuliyala, kenako kumalithira madzi ndi kulipsinja ndi chigudumu chokoka ndi manja mpaka litalimba ngati pansi pa nyumba yozira bwino. Mizere tinkalemba ndi njereza. Nthawi yotentha nzimbe phulusa linkagwa pabwalo tsiku lonse, ndipo ndinkasesa kawiri kapena katatu madona asanafike.

Kuti mumve nkhaniyi muyenera kudziwa kanthu kamodzi. Anthu akamasewera mmodzi uku wina uko, malire a m'mbali ndi mzere wamkati. Akamasewera awiriawiri bwalo limakula, malire amakhala mzere wakunja. Pakati pa mizere iwiriyi pamatsala kanjira kopapatiza, kena mbali iyi kena mbali inayo, ndipo tinjira tiwiriti tiyenera kufanana ndendende. Mpira ukangokhudza mzere, ngakhale pang'ono chabe, ndiye kuti wagwera mkati. Ubwino wa dothi la pachulu ndi wakuti mpira umasiya chidindo, choncho mkangano umatha woyimbira akatsika pampando n'kukaona.

Pamene mizere imathera ndinakhoma zikhomo zachitsulo, kuti polemba ndizingomanga ulusi kuchoka pa chikhomo china kufika pa chinzake. Tepi yachitsulo imene ndinayezera poyamba anaibweza kuofesi, poti zida zinali zosowa, ndiye ndinapota chingwe changa cha khonje n'kumanga mfundo pa muyezo uliwonse wa bwalo. Chinkakhala chopachika kukhitchini kwathu. Kawerengedwe ka masewerowo ndinangokaphunzira pomvetsera, ndipo madona ataona kuti akamayimbirana okha amadana mpaka kutchalitchi, anayamba kundikweza ine pampando wautali uja. Ankati Malunga sakondera. Ine ndinkamva kukoma.

Pakati pa zaka za m'ma 1970

Kalabu itatsegulidwa kwa Amalawi a maudindo, amuna ambiri anabwera koma ankathera kubala ya mowa. Amene anafika pabwalo anali amayi awiri. Mayi Nsayi anali namwino pachipatala cha esiteti, kwawo ku Ndamera, munthu wamfupi, wosachedwa kupsa mtima, ndipo akapsa mtima Chisena chinkatuluka chokha. Mayi Feresiya anali wotayipa makalata kuofesi yaikulu, kwawo ku Ngabu, wamtali ndi wofatsa. Maraketi awo anali otayidwa ndi madona, ndipo zingwe zake zikaduka ndinkawalumikizira ndi ulusi wa asodzi. Mipira yatsopano inkakhala yotsekeredwa, iwo ankasewera ndi yothothoka ubweya imene ndinkawasungira m'chidebe. Lamulo la kavalidwe linali lolimba masiku amenewo. Madona ankavala timasiketi tawo tatifupi mkati mwa mpanda, koma awiriwa ankasewera ndi masiketi opitirira maondo, chifukwa sunkadziwa amene akusuzumira pawaya. Masiku ena sankabwera n'komwe, atawaitana kukakonzekera magule a chipani, ndipo kumeneko kunalibe kupereka chifukwa.

Ankafika akaweruka, n'kusewera mpaka mpira utasiya kuoneka. Mayi Feresiya ankaima pafupi ndi ukonde, manja aatali aja osalola kanthu kudutsa. Mayi Nsayi ankakhala kumbuyo, ndipo luso lawo linali limodzi: kumenya mpira motsata m'mbali kuti ukagwere mu kanjira kaja, kumene mdani sayembekezera. Ankandiuza kuti ndiike chitini cha mkaka mu kanjirako, n'kumachilasa mpaka chitaphwanyika, ine n'kukasaka china.

Tsiku lina ndinawauza kuti, "Mayi, mwatha zitini zonse za kukhitchini ya kalabu. Ophika ayamba kundiyesa wakuba."

Iwo anati, "Baba Malunga, madona awa amadya nyama tsiku ndi tsiku, pamphamvu sitingawathe. Ife chuma chathu ndi kanjira kanu aka. Ikani chitini."

Ine sindinali mphunzitsi wawo, ndipo sindidzitama kuti ndinawaphunzitsa. Ndinkangoika chitini.

Nyengo ya chisanu, chaka chachitatu chiyambireni amayiwo kusewera

Chaka ndi chaka kalabu yathu inkachititsa mpikisano wa masiku atatu, ndipo akatswiri ankatsika kuchokera ku Blantyre, ku Thyolo ndi ku Mulanje. Amayi osewera awiriawiri ankalimbirana chikho chasiliva, chimene pathupi pake ankazokotapo mayina a opambana a chaka chilichonse. Panalibe dzina la munthu wakuda pachikhopo. Chaka chimenecho mayi Nsayi ndi mayi Feresiya analembetsa.

Kutatsala sabata ziwiri, a Chipewa analamula kuti bwalo lalikulu tiliyale dothi latsopano. Thirakitala yobweretsa dothi inabwerera m'mbuyo mosaona, n'kuzula zikhomo ziwiri za mzere wakunja, mbali yoyang'ana kumtsinje. Sindinade nkhawa, poti zikhomo zina zonse zinalipo, ndipo ndinali ndi chingwe changa. Koma nditapita kunyumba kukachitenga ndinapeza msomali wokha. Pampu ya kukomboni inali itafa masiku khumi apitawo, anthu akutunga pachitsime chakale cha kuseri kwa tchalitchi.

Ndinafunsa mayi anu kuti, "Chingwe chija chili kuti?"

"Chili kuchitsime. Nyumba zonse za mzere wathu zikutungira chimenecho."

"Chimenecho si chotungira madzi, n'choyezera!"

"Ndiye lero mumwe muyezowo," anatero, osasiya n'kupeta komwe.

Ndinakachitenga, ndinachiyanika padenga, ndinawerenga mfundo zonse n'kupeza zilipo. Ndinapitabe kuofesi kukabwereka tepi, koma wosunga makiyi anali atatengedwa kukakonza msewu, chifukwa mlendo wamkulu wa dziko ankayembekezeka kudutsa popita ku Nsanje. Chifukwa cha ulendo womwewo anthu a chipani anafika kukalabu n'kunyamula matumba onse a njereza kuti akapake miyala ndi mitengo ya m'mbali mwa msewu. Zinthu zotero sunkafunsa kuti zibwera liti. Ndinatsala ndi chidebe chimodzi chimene chinabisika kuseri kwa chigudumu, chokwana kulemba bwalo kamodzi kokha. Ndinayeza ndi chingwe kuchokera ku mzere wakunja wa mbali ya kalabu, ndinakhoma zikhomo zatsopano pamene mfundo yomaliza inafika, n'kulemba. Ine amene ndinkabwezedwa ola lathunthu m'minga kukayezanso, tsiku limenelo ndinayeza kamodzi.

Masiku awiri oyamba bwalo lalikulu linali la osewera mmodzimmodzi, amene mzere wakunja alibe nawo ntchito. Amayi athu anasewera pabwalo laling'ono, ndipo anagonjetsa magulu atatu motsatizana, anthu osakhulupirira. Lamlungu masana anafika mu ndime yomaliza, pabwalo lalikulu, ine ndili pampando. Adani awo anali madona awiri apachibale ochokera kuminda ya tiyi ku Thyolo, amene chikhocho anali atachitenga zaka zitatu zotsatizana. Mabwana anakhala pakhonde la kalabu. Wapampando wa chipani wa dera lathu anamuikira mpando kutsogolo. Kunja kwa waya kunadzaza anthu a kukomboni, odula nzimbe ena asanasambe n'komwe, ambiri osadziwa kuti masewerowa amawerengedwa bwanji koma akudziwa bwino amene akuwachemerera.

Chigawo choyamba madona anapambana mosavuta. M'chigawo chachiwiri mayi Feresiya anadzuka, n'kuyamba kutseka ukonde, ndipo mayi Nsayi anapeza dzanja lawo. Inali nthawi imeneyo, dzuwa litapendeka, pamene diso langa linandiuza kanthu. Mpando wanga unali mbali ya kalabu. Kanjira ka tsidya linalo, ka kumtsinje, ndinali nditakayang'ana kuchokera pampando umenewu zaka zambiri, ndipo ndinkadziwa mmene kamaonekera kopapatiza chifukwa cha kutalika. Tsiku limenelo kanaoneka konenepa. Pomwepo ndinakumbukira ndowa zodzaza madzi zikukokedwa ndi chingwe changa masiku khumi. Khonje likanyowa n'kumanyamula zolemera limatamuka, zimenezi ngakhale womanga mbuzi amazidziwa.

Ndikanatha kuimitsa masewero nthawi yomweyo. Sindinatero. Ndinadziuza kuti magulu onse awiri amasinthana mbali, choncho bwalo ndi limodzi kwa onse. Zinali zoona, koma ndinkadziwanso kuti mwa anthu anayiwo ndi mmodzi yekha amene ankalasa mu kanjira mwadala. Ndinapitiriza kuwerenga ndi mawu osanjenjemera. Amayi athu anatenga chigawo chachiwiri. Chachitatu chinakokana mpaka onse anayi masiketi atanyowa, ndipo pamapeto pake kunatsala mpira umodzi kuti mayi Nsayi ndi mayi Feresiya apambane. Mpirawo unabwera kudzanja lamanja la mayi Nsayi, iwo anaumenya motsata m'mbali, ndipo unakautsa fumbi mu kanjira ka kumtsinje.

Dona wamkulu anakweza dzanja kunena kuti wagwera kunja. Ndinatsika, ndinadutsa bwalo lonse anthu ali chete, ndinawerama. Chidindo chinali chitaluma mphepete yakunja ya mzere, theka panjereza theka padothi. Ndinalengeza m'Chizungu kuti mpira wagwera mkati. Donayo anabwera, anayang'ana yekha, anagwedeza mutu kuvomera, n'kupita kukagwira chanza amayi athu. Kunja kwa waya kunabuka nthungululu zimene ndikhulupirira zinamveka mpaka kufakitale. Mayi Feresiya anangokhala pansi padothi n'kuyamba kulira. Mayi Nsayi anabwera kwa ine, anandigwira dzanja ndi manja awiri, n'kundithokoza m'Chisena kuti, "Takhuta, baba. Zitini zija sizinapite pachabe."

Chikho chinali choti chiperekedwe anthu akamwa tiyi, patapita ola limodzi. Pabwalo patatsala ine ndekha ndinatenga nsungwi, ndinaigoneka mu kanjira ka mbali ya kalabu, ndinaika chala pamene inathera, n'kupita nayo ku kanjira ka kumtsinje. Palibe anandilabadira, poti Malunga ankakhalira kuweramawerama pabwalo. Kanjira ka kumtsinje kanaposa kanzake ndi zala zinayi. Pabwalo loyezedwa bwino, mpira womaliza uja ukanagwera kunja.

Ndinaima pamenepo nsungwi ili m'manja. Palibe wina ankadziwa. M'mawa mwake ndikanasesa, kuthira madzi, kusuntha zikhomo, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndikaulula, ndinkaona ntchito ikutha, nyumba ya kukomboni ikulandidwa, inu muli aang'ono. Ndinkaopanso wapampando wa chipani, chifukwa munthu wooneka ngati walanda amayi a dziko chinthu n'kupatsa azungu akanatha kukagona kumalo kosadziwika. Ndinaganiza zonsezi, ndipo ndinasankha kuulula, chifukwa sindikanatha kukhalanso pampando uja anthu akunena kuti Malunga sakondera. Kwa zaka zambiri ndinkaiona ngati mphindi yanga ya ulemu. Koma taonani mndandanda wa zimene ndinaganiza: ntchito yanga, nyumba yanga, khosi langa, dzina langa. Amayi awiri aja anali pampopi, mapazi makumi awiri kuchokera pamene ndinaima, akusamba kumaso n'kumaseka. Sizinandibwerere m'mutu kuti ndiyambe ndawafunsa iwo.

Ndinawapeza a Chipewa kuseri kwa khonde, ndinawafotokozera zonse, kuyambira thirakitala mpaka chitsime.

"Ndani wina akudziwa, Malunga?"

"Palibe, bwana."

Anayang'ana kubwalo kuja. Kenako anavula chipewa n'kupukuta mutu, ndipo aka kanali koyamba kuti ndione dazi lawo. Akanakhala munthu wina akanandiuza kuti nditseke pakamwa. Koma anali munthu yemwe uja wa ngalande. Anapita kugalimoto yawo, anatulutsa tepi yawoyawo, n'kukayeza bwalo khonde lonse likuona, ine nditagwira mbali inayo.

Komiti inadzitsekera muofesi. Zimene zinakambidwa ndinazimva pambuyo pake kwa a Chipewa eni ake. Iwo anatsegula buku la malamulo n'kuwerenga kuti cholakwika chikapezeka, zimene zaseweredwa kale sizifafanizidwa, choncho chikho n'cha amayi athu. Amuna a madona a ku Thyolo anakana, amati sanatsike phiri lonse lija kudzasewera pamunda. Ena onse ankangosuzumira pawindo kuyang'ana wapampando wa chipani, chifukwa masiku amenewo mzungu ankatha kupatsidwa tsiku limodzi kuti atuluke m'dziko. Kupereka chikho kwa madona anaopa, kupereka kwa amayi athu sanafune. Anagwirizana kuti masewerowo adzabwerezedwe tsiku lina, ndipo chikho chibwerere mukabati. Wapampando wa chipani anamufotokozera kuti ndi nkhani ya miyezo chabe, anamuthirira chakumwa china, iye anati bola asawalande, n'kunyamuka.

Mayi Nsayi anandipeza pampopi ndikutsuka burashi ya njereza. Anthu anali akubalalika. Mayi Feresiya anaima chapatali atafumbata maraketi onse awiri.

"Baba Malunga, tasewera pabwalo la yani?"

"Langa, mayi."

"Madona aja asewera pabwalo lina?"

"Lomwelo."

"Mzere tidalemba ndife?"

"Ndinalemba ndine."

"Nanga bwanji chikho alanda ife? Ife tidali pompano. Mukadabwera n'kutiuza, tikadaona tokha chochita, mwina tikadapita limodzi kwa bwana wanuyo. Mwasamba inu, matope mwapaka ife. Tamvani zimene akunena kunjaku."

Zimene ankanena kunja kwa waya ndinali nditazimva kale. Ena amati Malunga anakulitsa bwalo dala kuti athandize alongo ake, kenako mantha anamugwira. Ena amati anagulidwa ndi azungu. Pakhonde la kalabu ankangomwetulira, ngati anthu amene apeza yankho la funso limene linawavuta masana onse.

Ndinati, "Mayi, ine ndimafuna chilungamo."

"Nkhabe!" anakana m'Chisena. "Inu mumafuna kugona tulo."

Ndinawerama n'kupitiriza kutsuka burashi ija.

Zaka zotsatira

Masewero obwereza aja sanachitike. Madona a ku Thyolo amati kuchigwa kwatentha, kenako mvula inayamba, kenako nkhaniyo inangozilala. Mayi Feresiya anatsatira amuna awo amene anawasamutsira ku Lilongwe. Mayi Nsayi sanapondenso pabwalo. M'mawa wina ndinapeza raketi yawo itagonekedwa pa chigudumu, ndipo tikakumana kuchipatala ankandibaya jekeseni mwaulemu wonse, osaonjeza mawu.

Ine amene ndinkayembekeza kuchotsedwa ntchito, ndinakwezedwa. A Chipewa ananditamanda pamsonkhano wa kalabu kuti ndine munthu wokhulupirika, anandipatsa tepi yachitsulo yangayanga, ndipo chaka chotsatira ndinakhala kapitawo wa mabwalo onse ndi maluwa omwe. Tinasamukira m'nyumba ya zipinda zitatu ija mumaikumbukira, ya mpopi pakhomo. Sindinakane chilichonse mwa zimenezi. A Chipewa atabwerera kwawo kunabwera mabwana ena anayi motsatizana, wina waukali, wina waulesi, wina amene ankafuna maluwa a kwawo amere m'dzuwa la kuchigwa, ndipo onse ankauzidwa pofika kuti Malunga ndi uja anadziulula yekha. Mwa ntchito zanga munalinso yopukuta zikho mpikisano ukayandikira. Pachikho cha amayi, pakati pa mayina a chaka cham'mbuyo ndi a chaka chotsatira, wozokota anasiya mpata. Chaka chilichonse nsanza yanga inkadutsa pampata umenewo, ndipo ndinkachita manyazi.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990

Pamene nthawi yanga yopuma inakwana, mabwalo anali atathiridwa simenti, mizere ili ya penti yosafuna munthu, ndipo mpikisano uja unali utafa kalekale. Chikho chinali m'chipinda chosungira katundu, pamodzi ndi mipando yothyoka, chitada bii. Bwana wa nthawi imeneyo, Mmalawi mnzathu wa ku Mzimba, anandiitana kuti ndisayinire njinga. Ndinamupempha kuti m'malo mwa njinga andipatse chikhocho. Anaseka, kenako ataona kuti sindikuseka anandifunsa kawiri ngati kunyumba ndakambirana nawo. Ndinanama kuti inde.

Ndinachipukuta ndi phulusa ndi mandimu, ndinapita nacho ku Ngabu kwa mmisiri wokhoma zidebe pafupi ndi msika wa thonje. Iye anazokota mayina awiri pampata paja ndi msomali wonola. Zilembo zake zinatuluka zokhota, zina zazikulu zina zazing'ono, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinaona mzere wokhota osanena kanthu. Ndinakwera basi ya ku Nsanje, ndinaonetsa khadi la chipani pamene ankafunsa, ndipo kuchokera paboma ndinapeza lole yopita ku Ndamera. Dera lonselo linali lodzaza ndi anthu othawa nkhondo ku Mozambique. Ndinafunsira, anandilozera kachipatala kena kumene mayi Nsayi ankagwira ntchito.

Ndinawapeza masana pansi pa mtengo akuyeza ana pasikelo. Tsitsi linali litachita imvi koma mawu anali omwe aja. Anandizindikira, sanadabwe, anandilozera benchi kuti ndidikire. Ndinadikira mpaka mwana womaliza. Kenako ananditengera pakhonde la nyumba yawo kuseri kwa chipatalacho, anandipatsa madzi, ndipo ndinamasula kathumba kanga n'kuika chikho pamphasa.

Anachinyamula, anachitembenuza pang'onopang'ono mpaka anapeza malowo. Anawerenga milomo ikugwedera.

"Feresiya tidamuika dzana," anatero. "Ku Ngabu komweko mwadzerako."

Sindinkadziwa. Ndinali nditadutsa pafupi ndi manda awo m'mawa womwewo, chikho chili m'manja. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo ine ndinazengereza zaka zoposa khumi ndi zisanu. Ndinayamba kunena mawu opepesa amene ndinawakonza m'basi, koma anandidula ndi dzanja.

"Zimenezo zisiyeni, baba. Ndikufunseni chinthu chimodzi, poti tsiku lija mudalankhula Chizungu, ndipo pambuyo pake aliyense adalankhula zake. Inu mudatsika pampando, mudawerama, mudaona. Mpira uja udakhudza mzere kapena ayi?"

"Unakhudza, mayi."

"Nenaninso."

"Unakhudza mzere. Munapambana."

Anagwedeza mutu. Anatenga nsonga ya chitenje chawo, anapukuta pamene panali dzina la mnzawo, anaimirira, n'kulowa nacho chikhocho m'nyumba. Sanandithokoze, ndipo panalibe chondithokozera. Atatuluka anandiperekeza mpaka pamsewu, monga achitira ndi mlendo aliyense, n'kundiuza kuti lole yomaliza imadutsa dzuwa lisanalowe.

Tsono mukamafunsa za njinga ya bambo anu, ili ku Ndamera.